Galu wanga sakuonda ndi njala, ndi mtundu wake

 Lero za feteleza ndi mitengo ya soya tiziike kaye pambali. Lero tikambe za galu. Nkhaniyi ndi yaitali, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono muwerenge usiku.

Ndikudziwa, kwathu kuno mawu akuti galu ndi chitukwano. Munthu wamkulu ngati ine, wa zidzukulu, kukhala pansi n'kumalemba za galu, ena aziti ulimi wamukanika mkuluyu. Palibe kanthu. Ndikulemba chifukwa zinthu ziwiri zagundana. Nyozani waswa ana 6 pakati pa mwezi wa Juni, ndipo m'mudzi muno mwayamba kumveka manong'onong'o oti agalu onse angophedwa basi. Ndiye ndisanapite kukayankhula pabwalo, ndati ndiyambe ndafotokoza kuno kuti galu amene tikufuna kumutaya ndi ndani.

Amene simunamuone Nyozani, ndi wamkazi, wofiirira ngati dothi la katondo louma, ndi kabanga koyera pachifuwa. Miyendo italiitali, yopyapyala. Chifuwa n'chotsika mpaka pafupi ndi zigongono, koma mimba n'njolowa m'kati ngati munthu womanga lamba chaka cha njala. Kukamwa n'kosongoka, mchira wautali wopindika kunsonga. Mukamuyang'ana chapambali, nthiti ziwiri kapena zitatu zakumapeto zimaoneka. Nthiti zimenezi ndiye zimandiputira milandu. M'bale aliyense wochokera m'tauni akangotsika pa kabaza, moni asanathe n'komwe, wayamba kale: "Koma achimwene, galuyu mumamupatsa chakudya?" Alamu anga ena anafika pondilonjeza kuti adzandibweretsera galu weniweni, waubweya wambiri, wa mawu aakulu, ati kuti ndisiye kuchititsa manyazi banja ndi galu wachikuda.

Pali kuonda kwa njala, pali thupi la liwiro, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Galu wanjala mafupa a msana amatuluka onse ngati mikanda, ntchafu zimaphwa, ubweya umatuwa n'kumathothoka, maso amalowa, ndipo ukamuitana amangogwedeza mchira ali chigonere. Dzagwireni ntchafu ya Nyozani, ngakhale panopa pamene akuyamwitsa. Ndi yolimba ngati chitsa. Ubweya ukuwala, nkhama n'zofiira bwino. Chifuwa chachikulu chija ndi nyumba ya mapapo ndi mtima, mimba yolowa ija ndi yoti miyendo yakumbuyo izipeza polowera akapinda msana pothamanga. Mukamunenepetsa ngati nkhumba yogulitsa, mwamuphera ntchito ndipo mwamufupikitsira moyo.

Mphwanga amene amaphunzira za ziweto ku Bunda ndi amene anayamba kundiuza zimenezi, zina ndawerenga ndekha pa foni. Agalu osaka ali m'magulu awiri aakulu. Ena amasaka ndi mphuno, mutu pansi, kulondola fungo ngakhale nyama inadutsa dzulo. Ena amasaka ndi maso ndi liwiro. Amaima poonekera, kuyang'ana patali, kanthu kakangosuntha basi wanyamuka, ndipo nthawi zambiri sauwa n'komwe. Wodziwika kwambiri pa gulu lachiwirili ndi Greyhound, amene amafika pafupifupi makilomita 70 pa ola. Taganizani, galu kumapikisana ndi minibasi ya pa msewu wa Salima! Inu a ku Joni mwina munawaonapo, chifukwa kumidzi ya kumeneko alenje amawakonda kwambiri.

Koma gulu limeneli ndi lakale zedi, ndipo lambiri ndi la kuno kwathu ndi kufupi ndi kwathu. Kwa Aluya kuli Saluki, amene anthu a m'chipululu akhala akusaka naye akalulu ndi mphoyo za m'chipululu kwa zaka zikwizikwi, nthawi zina mothandizana ndi kabawi woweta. Ku Morocco, Algeria ndi Tunisia kuli Sloughi. Ku Mali, Niger ndi Burkina Faso, pakati pa anthu a mtundu wa Tuareg ndi anansi awo, kuli Azawakh, amene amalondera misasa ndi ziweto komanso kusaka. Ameneyu ndiye mukamuona pa chithunzi mungalire. Nthiti zili pamtunda, mafupa a m'chiuno ali tong'o. Koma odziwa mtunduwo amati akapanda kuoneka mafupawo ndiye kuti wanenepa mopitirira muyezo. Ku Ulaya ndi ku America anthu amamugula ndi ndalama zambiri, n'kumayenda naye monyadira. Thupi lomwelo kuno tikulitcha umphawi.

Ku Iguputo, pa zipupa za manda akale, anajambulapo agalu a miyendo italiitali, mimba yolowa ndi mchira wopindika, ali pa chingwe m'manja mwa alenje. Mu 1935, pafupi ndi mapiramidi a ku Giza, ofukula zakale motsogozedwa ndi George Reisner anapeza mwala wolembedwa za galu wina dzina lake Abuwtiyuw, amene ankalondera mfumu zaka zoposa 4,000 zapitazo. Atafa, mfumu inalamula kuti amupatse bokosi lochokera mosungira chuma chake, nsalu zabwino ndi lubani, amumangirenso manda akeake. Ine sindikuti tifike pamenepo, nsalu zikutivuta ndi ife omwe. Ndangoti mudziwe kuti galu wa thupi limeneli anali ndi dzina lolembedwa pa mwala, Mose asanabadwe.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti Nyozani ndi Saluki kapena Azawakh, ayi, pamenepo ndinganame. Galu wathu wa m'mudzi ndi wa payekha. Amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, mphuno ndi maso, ndipo pakati pawo alipo afupiafupi ojintcha, aliponso a miyendo yaitali ngati wangayu, amene akangoona chinthu chikuthawa amaiwala mphuno. Ku South Africa agalu a m'midzi otere anawapatsa dzina loti Africanis, ndipo mu 1998 Johan Gallant ndi anzake anakhazikitsa bungwe loteteza mtunduwu kuti usathe. Ofukula zakale amati galu sanayambire mu Africa muno. Analowa kudzera ku Iguputo, n'kumatsika pang'onopang'ono pamodzi ndi anthu olima, oweta ndi osula zitsulo. Mafupa a galu akale kwambiri amene anapezeka ku South Africa, pa famu yotchedwa Diamant kufupi ndi malire a Botswana, ndi a cha m'ma 570. Ndiye kuti chigawo chathu chino agalu anali atafika kale nthawi imeneyo, zaka zoposa 1,000 Livingstone asanaone nyanja yathu.

Ambiri timaganiza kuti galu wa m'mudzi ndi zotsalira za agalu a azungu zimene zinangosakanikirana. Mu 2009 ofufuza a ku yunivesite ya Cornell ku America, motsogozedwa ndi Adam Boyko, anayeza magazi a agalu a m'midzi oposa 300 ku Iguputo, Uganda ndi Namibia. Anapeza kuti ambiri ndi mbadwa za mu Africa momwemuno, osati ana a agalu obwera ndi atsamunda. Chodabwitsa n'chakuti Rhodesian Ridgeback, galu wa mzere pamsana amene agogo athu opita ku Halale ankamuona m'mafamu a azungu, ndiye anapezeka kuti magazi ake ambiri ndi akunja.

Komatu ifenso tili ndi mbiri yathu, sitinadikire Cornell. Makolo amati ku Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, anthu ndi nyama ankakhalira limodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Njovu, mkango ndi zinzake zinathawa zili ndi mkwiyo, udani n'kuyambira pomwepo. Galu ndi mbuzi ndiwo anathawira kwa munthu. Mbuzi timaimangira khola, kuifolera, kuiwerenga madzulo alionse. Mnzake amene anabwera naye tsiku limodzi timamugenda.

Mtundu wa Nyozani unachokera kwa atsibweni anga, amene anatisiya kalekale. Iwo anali ndi galu wamkazi dzina lake Saopa. Kuchokera kwa Saopa mzere wakhala ukuyenda mwa ana aakazi, ngati mmene timachitira ife Achewa, mpaka kudzafika kwa Tilekeni, mayi wake wa Nyozani. Achinyamata a masiku ano mumangoti Tiger, Bingo, Danger. Kale dzina la galu linali kalata yopita kwa anansi. Munthu ukakhala ndi chakukhosi, sumapita kukayambana ndi mnzako, umangotcha galu dzina, n'kumamuitana mokweza m'mawa ndi madzulo, uthenga uzifika wokha. La Nyozani anatcha ndi mayi a kunyumba kuno chaka china chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni, anthu n'kumatiseka. Anthuwo tinagwirizana nawo kalekale, koma dzina linatsala.

Uzimba ndinauona ndi maso anga ndili kamnyamata m'zaka za m'ma 1980. Unkachitika tikakolola, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, tchire litapsa. Tinkadzuka m'mbandakucha, akuluakulu ndi zibonga ndi nthungo, ife ana kunyamula madzi ndi kukuwa. Agalu a mphuno ankalowa m'zitsamba zotsala ndi m'mphepete mwa dambo kukavumbulutsa nyama. Saopa atsibweni ankamugwira pakhosi, osamusiya, iye akunjenjemera thupi lonse, maso ali pa lupsa. Kalulu akangoti vumbulu, dzanja n'kumasula. Abale, liwiro la mtondo wadooka lija mumalinena, ine ndinaliona. Phulusa koboo kumbuyo kwake. Kalulu nayenso si wopusa, galu akati amugwire amakhota mwadzidzidzi, galu n'kupitirira, n'kubwereranso. N'chifukwa chake alenje ankakonda kumasula awiri, wina azikhotetsa, wina azidulira kutsogolo. Akalulu ambiri ankapulumuka ndithu, musaganize kuti zinali zophweka. Akagwira, Saopa sankadya. Ankaima pomwepo, lilime panja, nthiti zikukwera ndi kutsika, kudikira mwini wake. Gawo lake linali matumbo, ndipo atsibweni sankalola kuti munthu amumane, olo nyama ichepe bwanji.

Zimenezo zinapita, ndipo sindikuitanira munthu kuti tizibwezeretse. Malo amene tinkasakamo lero ndi minda ndi nyumba. Dambo ladzaza madimba. Gwape ana athu amangomumva m'nthano, nkhanga zatsala zoweta. Kumene kwatsala nyama ndi kumalo otetezedwa ngati ku Kasungu, ndipo kulowako ndi agalu ndi mlandu waukulu, makamaka chikhwimitsireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017. Akalulu ochepa amene atsala m'mizere ya nandolo, ine ndimati asiyeni, adzukulu athu adzawaoneko. Zotentha tchire chifukwa cha mbewa ndi kalulu mmodzi ndiye ndimadana nazo, zimatiotchera manyowa ndi mitengo.

Ndiye funso ndi lakuti, galu wobadwira kuthamanga umamusunga bwanji pamene chothamangitsa palibe? Apa ndi pamene ambiri zimatikanika. Liwiro lija silichoka m'thupi chifukwa choti uzimba unatha. Ukapanda kulipezera njira, lidzipezera lokha, ndipo njira yake ndi nkhuku za eni ndi ana a mbuzi, makamaka nyengo ino pamene ziweto zamasulidwa. Kumumanga pa waya wamfupi tsiku lonse sikuthandiza. Galu wotero amasanduka wolusa, ndipo tsiku limene wadula chingwe amalipsira zonse.

Ine ndimachita chonchi. M'mawa uliwonse popita kudimba ndimakwera njinga, Nyozani akuthamanga pambali. Tikafika pa bwalo la mpira ndimamusiya azungulire mmene akufunira, kawiri katatu, mpaka mtima ukhale pansi. Zikatero tsiku lonse amangogona pamthunzi, moti mlendo angaganize kuti ndi waulesi. Agalu a liwiro ndi otero, mphindi zochepa za moto, maola ambiri a tulo. Usiku ndiye ntchito. Nyengo ya fodya amagona pa chigafa, nyengo ino pakati pa nkhokwe ndi khola. Sauwa mwachisawawa ngati agalu ena amene amauwa mwezi. Akauwa ndimadzuka, paja galu wamkota sakandira pachabe. Za nkhuku ndi mbuzi, sukulu yake imayamba ali kamwana. Ana ake panopa akukulira pafupi ndi khola, fungo la mbuzi alizolowere ngati la pakhomo. Mphunzitsi wamkulu ndi thadzi la anapiye. Likajompha kagalu kamodzi pamphuno, sikadzaiwala mpaka kukalamba. Kumenya ndi ndodo sikugwira ntchito pa agalu awa. Ndi amanyazi, ukamumenya amangokuopa n'kumakuzemba, osaphunzira kanthu.

Za chakudya. Mkute wokha si chakudya cha galu, ndi chodzaza mimba chabe. Ine ndimaphika phala la gaga lolimbirako, n'kuthiramo fumbi la usipa kapena bonya limene amalonda amatsala nalo pansi pa thumba, ndi ufa wa soya wokazinga. Soya wosakazinga ayi, amatupitsa mimba ndipo sapindula m'thupi. Mazira akachuluka ndimaphikako limodzi, tsiku la msika ndimapempha zotsala kwa opha mbuzi n'kuziphika kaye. Zam'kati zaziwisi, makamaka zokhala ndi timatuza tamadzi, ndi njira ya njoka za m'mimba. Mafupa a nkhuku ophika sindipereka, amathetheka n'kulasa m'matumbo. Ndiwo za anyezi wambiri ayi, anyezi amaononga magazi a galu. Amadya kawiri pa tsiku, panopa poti akuyamwitsa kanayi. Akangodya sindimuthamangitsa, chifukwa agalu a chifuwa chakuya mimba imatha kupotoka, n'kufa tsiku lomwelo. Madzi amakhala m'phale lake pansi pa mtengo wa mango nthawi zonse. Ena muti zonsezi n'zowonongetsa. Gaga wake pa mwezi safika n'komwe pa mtengo wa mbuzi imodzi yobedwa. Ndiponso galu wokhuta sapita kudzala kapena kukatola zonyansa kuseri kwa nyumba za anthu, kenako n'kudzanyambita mbale zanu.

Poti alibe mafuta m'thupi ndipo ubweya ndi waufupi, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumamulowa kwambiri. N'chifukwa chake mumawaona agalu athu atadzipinda paphulusa m'mawa. Thumba la saka lopinda pawiri pakona ya khitchini ndi lokwanira. Nkhupakupa ndimazichotsa ndi manja madzulo alionse, m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, n'kuziponya pamoto. Zimabweretsa matenda othetsa magazi, ndiye mukaona galu wafooka, sakudya, nkhama zayera, thamangani kwa alangizi a ziweto. Mankhwala a dibi ya ng'ombe musamangothira mwa mutu wanu, funsani muyezo wake, ena amapha galu. Oilo wakutha wa galimoto pa zilonda za mphere ndi nkhanza chabe. Nyengo ya mvula mdani wa tiana ndi mphutsi zija zolowa pakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi lamthunzi lonunkha mkodzo, ndiye pogona pazikhala pouma ndi posesa. Mukaona kotupa kokhala ndi kabowo pakati, pakanipo Vaselini, mphutsi isowe mpweya, kenako finyani ituluke yathunthu. Mankhwala a njoka za m'mimba tiana timayamba tili ndi masabata awiri, wamkulu miyezi itatu iliyonse. Agalu athuwa ndi opirira, inde, matenda ambiri amalimbana nawo kuposa obwera. Koma kupirira kwawoko ndi kumene kwatipusitsa kuti safuna chisamaliro.

Tsopano nkhani yandikhalitsa pansi. Mwezi wathawu galu wachilendo, wosadziwika mwini wake, anadutsa m'mudzi woyandikana nafe, dovu lili chuchuchu, n'kuluma mwana ndi mbuzi ziwiri asanaphedwe. Mwanayo anamutsuka bala msanga, anapita naye kuchipatala tsiku lomwelo, analandira jakisoni, ali bwino. Koma mantha atsala, ndipo manthawo ndikuwamvetsa. Chiwewe si matenda ocheza nawo. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, palibe mankhwala, ndi maliro basi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pa anthu 10 alionse, pafupifupi 4 ndi ana osafika zaka 15. Pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Ndiye mayi amene akunena kuti sakufunanso kuona galu pafupi ndi ana ake, ine sindingamuseke.

Mwa njira, aliyense asunge ichi pamtima. Galu akaluma kapena kukanda munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Osadikira kuti tione kaye, osathira mchere kapena zitsamba n'kukhala. Ngati galuyo ndi wodziwika, amangidwe n'kumuyang'anira masiku 10, alangizi a ziweto adziwitsidwe, koma wolumidwayo asadikire masikuwo ali pakhomo.

Chimene ndikukana ndi choti tithire mankhwala a makoswe m'nyama n'kumwaza m'njira usiku, monga ena akunong'onezana. Choyamba, poizoni sasankha. Adya ndi amphaka, nkhuku, nkhumba, akhwangwala, ndipo mwana wokwawa akhoza kutola. Chachiwiri, sizithetsa chiwewe. Amene adye nyamayo ndi agalu a pakhomo, ozolowera kulandira chakudya kwa anthu, ena mwa iwo obayidwa kale katemera. Pakangotha miyezi iwiri akuba ayamba kutiyendera, aliyense athamangira kukatenga kagalu kwina, kosabayitsa, kosadziwika kumene kachokera. Agalu oyendayenda nawonso apeza mudzi wopanda mlonda. Galu wobayidwa katemera ndi mpanda. Wachiwewe akafika amayamba wakumana ndi iye asanafike pa mwana, ndipo matenda amathera pomwepo. Akatswiri amati mukabaya agalu 7 mwa 10 alionse m'dera, chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsa. Si nkhambakamwa. Ku Blantyre mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, n'kumabwereza chaka chilichonse, ndipo ana ofika ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth anachepa kwambiri. Kuno ku Lilongwe a LSPCA akhala akugwira ntchito ya katemera ndi kutseka agalu kuti asamaswe chiyambire 2008.

Ndiye pabwalo ndikapempha izi. Anyakwawa alembetse nyumba iliyonse agalu amene ili nawo. Tipemphe alangizi a ziweto atipatse tsiku limodzi la katemera, lisanadutse tsiku la 28 Seputembala limene dziko lonse limakumbukira za chiwewe. Njinga yokawatenga ndipereka ine, ndipo agalu ovuta kugwira ndithandiza kugwira. Amuna amene sitikufuna mbewu yawo afulidwe, achepetse kuyendayenda ndi ndewu. Amene galu wamukanika anene poyera, tione chochita pamodzi ndi alangizi, kusiyana n'kukamutaya kumsika. Pepala la katemera la Nyozani lili m'Baibulo, aliyense wofuna kuliona abwere.

Kwa inu a m'tauni, agalu anu aakulu aja sindikudana nawo. German Shepherd ndi Boerboel ali ndi ntchito yawo kuseri kwa mpanda wa njerwa, kwa munthu amene angakwanitse thumba la chakudya ndi dokotala. Vuto ndi loti akakukanikani mumatitumizira kuno. Ubweya wambiri uja nkhupakupa zimabisalamo, dzuwa la Okutobala limamufoola, chakudya cha pakhomo la mlimi sichimukwana. Ambiri satha zaka ziwiri, koma asanafe amakhala atasiya mbewu m'mudzi monse. Tiana tija amagulitsa m'mbali mwa msewu m'tauni, tochotsedwa kwa mayi maso atangotseguka, n'chimodzimodzi. Ndikapita ku misika ya kutali ngati ku Nsaru ndi ku Kabudula ndimayang'ana agalu a m'njira, ndipo a thupi la Saopa ndikuwaona mwa apo ndi apo, osati ngati kale. N'chifukwa chake Nyozani itafika nthawi yake ndinamutsekera m'chigafa masabata atatu, agalu a m'mudzi monse akuchezera panja, n'kupita naye ndekha kwa mnzanga wa kutsidya kwa dambo amene ali ndi wamwamuna wa mtundu womwewu. Patapita masiku 63 ana anabadwa, amuna anayi, akazi awiri, onse a miyendo yaitali.

Wamkazi mmodzi atsala pano, ameneyo musafunse n'komwe. Asanu enawo achoka akakwanitsa masabata 8, chapakati pa Ogasiti, osati tsiku limodzi m'mbuyo. Sindigulitsa ndi ndalama. Atsibweni ankalandira nkhuku, inenso ndi momwemo. Koma ndiyamba ndafika pakhomo panu kudzaona pogona pake ndi kumva kuti amayi a pakhomopo avomera, chifukwa phala adzaphika ndi iwo. Ngati ndi wa mwana amene akungofuna choseweretsa, ayi. Ngati ndi wokamangidwa pa tcheni kuseri kwa nyumba ya lendi, ayi, olo mukhale m'bale wanga wa bere limodzi. Akakwanitsa miyezi itatu, chapakati pa Seputembala, mudzabwera naye ku katemera, ndipo ndidzafunsa pepala. Zikadzakuvutani m'tsogolo, mudzambweze kuno.

Ndimapezeka kudimba m'mawa mpaka cha m'ma 10, masana ndili pakhomo. Pobwera kudzatenga mutenge thumba la saka, tidzalisiye kaye usiku umodzi pogona mayi wake kuti litenge fungo, kagaluko kasakalire kwambiri kumalo kwachilendo.